Njoka ikaluma muli kutchire, musamange mwendo, musateme

Mvula yayamba, ndipo njoka zatuluka m'mauna. Nthawi yomweyinso achinyamata a m'mipingo ndi ana asukulu a mu Lilongwe muno amanyamula matenti kukagona ku Dzalanyama kapena cha ku Malingunde kufupi ndi Kamuzu Dam. Uthengawu ndi wanu atsogoleri a maulendo amenewa, komanso inu amene mumagona kumunda kulondera mbewu.

Tamva za uthenga womwe ukuyenda pa WhatsApp woti munthu akalumidwa ndi njoka, mumumange mwendo ndi mphira, mumuteme ndi lezala, muyamwe ululu, kenako muikepo mwala wakuda. Abale, zimenezi n'zabodza, ndipo zikupundula anthu.

Njoka zambiri zimaluma munthu akaziponda mumdima, akamatola nkhuni, kapena akapisa dzanja pansi pa mwala. Mphiri sithawa, imangogona phee pakanjira. Ululu wake umatupitsa ndi kuoletsa mnofu. Ululu wa songo umafooketsa thupi: zikope zimagwa, malovu amatuluka, kumeza ndi kupuma kumavuta. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika kulumidwa ndi njoka pa mndandanda wa matenda osalabadiridwa mu 2017.

Koma nkhani yathu ndi mphira ija. Tinaonapo mnyamata atafika naye kuchipatala pa kabaza, mwendo atamumanga pamwamba pa bondo ndi mphira yomangira katundu panjinga. Anamumanga madzulo, anafika m'mawa. Phazi linali litada bii, lozizira, zala osagwedezeka. Anzake ankaganiza kuti amupulumutsa. Mukamanga chonchi magazi amasiya kuyenda, ululu wa mphiri umaunjikana malo amodzi n'kudya mnofu, ndipo mapeto ake madokotala amakakamizika kudula mwendo womwe ukanachira. Kutema nako kumangotsegulira njira majeremusi, komanso ululu wina umalepheretsa magazi kuundana, ndiye mabala a lezala aja amangokha magazi osaleka. Mwala wakuda suyamwa ululu. Umangokudyerani nthawi.

Chofunika n'chiyani? Muchotseni munthuyo pamene pali njokayo, ndipo musaithamangitse kuti muiphe, mungalumidwe awiri. Mukhazikeni mtima pansi, asathamange, asayende. Vulani mphete, zibangili, wotchi ndi nsapato thupi lisanatupe. Ikani kamtengo m'mbali mwa mwendo kapena mkono, n'kukulunga ndi chitenje mosathina kuti usamagwedezeke. Pangani machira ndi mitengo iwiri ndi bulangete, mumunyamule. Onani nthawi imene walumidwa, a chipatala adzafunsa. Akamva kupweteka kwambiri mupatseni panado basi, osati asipirini kapena brufen. Mowa ayi. Akayamba kusanza kapena kuwodzera, mugonekeni chammbali. Njoka ikamulavulira m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambirimbiri nthawi yomweyo, ndipo asatikite.

Ndiye nyamukani. Musadikire kuti kuche, musadikire kuti "tione ngati atupe." Ena amati tidzere kaye kwa asing'anga. Sitikunyoza makolo athu, koma mankhwala othetsa ululu wa njoka ali kuchipatala kokha, ndipo si chipatala chilichonse chomwe chimakhala nawo. Pitani chapafupi, monga ku Mitundu ngati mukuchokera mbali imeneyo, iwo akaona n'kukutumizani ku Kamuzu Central ngati kuli kofunika. Kudzera kwina kulikonse ndi maola otayika, ndipo munthu wolumidwa ndi songo maola amenewo alibe.

Zina mwachidule. Bala lokha magazi, panikizani ndi nsalu yoyera osachotsachotsa. Wapsa ndi moto kapena phala, thirani madzi ozizira kwa mphindi 20, osapaka mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta. Wagwa pamwala ndipo akudandaula khosi kapena msana, musamukhazike, musamupinde. Madzi a mumtsinje muwiritse kapena muthire Waterguard, ndipo Thanzi ORS asasowe m'chikwama.

Musananyamuke m'tauni, dziwani chipatala chapafupi ndi kumene mukagone, ndipo pakhale galimoto kapena njinga yamoto yoti ingayende usiku, ya mafuta ake kale. Misewu ya ku Dzalanyama nthawi ya dzinja ndi matope okhaokha, netiweki nayo imaduka, choncho funsiranitu anthu a m'deralo pamene foni imagwira. Aliyense akhale ndi tochi ndi nsapato zotseka, popita kuthengo usiku osapita chapansi. Gonani m'masikito opisira bwino, tsekani zipi ya tenti, ndipo m'mawa gwedezani nsapato musanavale.

Ndipo mphira ija isiyeni panjinga. Wina akakuuzani kuti mangani, muuzeni kuti a zaumoyo akana. Mukafuna malangizo ena musanapite, imbani Chipatala Cha Pa Foni pa 54747.