Nthano ya chitsime ndi zipangizo za nkhani

Ndikamachonga ntchito za ophunzira a Fomu 4 omwe akukonzekera mayeso a MSCE, ndimakumana ndi vuto limodzimodzi chaka ndi chaka. Funso likuti afotokoze mfundo yaikulu ya nkhani, koma mwana amangobwereza nkhani yonse mpaka pepala kudzaza. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa ana amenewa nkhani amazidziwa kuyambira ali pamiyendo ya agogo awo. Chomwe chikusowa ndi mayina a zipangizo zake basi.

Tiyeni titenge nthano yodziwika ija. Kudagwa chilala, nyama zidapangana zokumba chitsime, koma Kalulu adakana. Madzi atatuluka, iye ankabwera mozemba, n'kunyengerera alonda ndi uchi, kuwamanga, n'kumwa madziwo. Pomaliza Kamba, yemwe anzake ankamuderera, ndiye adamugwira.

Chilala ndi tchire lija ndizo nthawi ndi malo a nkhani. Musazione mopepuka: mukachotsa chilalacho, palibenso chifukwa chokumbira chitsime, ndipo nkhani yafera pomwepo. Kalulu, Kamba ndi alonda aja ndi ampangankhani. Mwininkhani ndi Kalulu, popeza zochitika zonse zikuzungulira pa iye. Apa ambiri amaphonya poganiza kuti mwininkhani ayenera kukhala wamakhalidwe abwino. Ayi ndithu, angathe kukhala kamberembere.

Tsatanetsatane wa nkhani ndi mndandanda wa zochitika, koma zolumikizana, china chikubala chinzake. Kalulu adakana kukumba, n'chifukwa chake adamuletsa kumwa. Atamuletsa, adayamba kuba. Kubako kudachititsa kuti paikidwe alonda. Chomwe chikukoka zonsezi ndi kusamvana pakati pa Kalulu ndi nyama zinzake. Kusamvanako kumakula mpaka kufika pampondachimera, pamene Kamba wamugwira Kalulu ndipo omvera onse ali chete kudikira chotsatira.

Tsono mfundo yaikulu ndi chiyani? Si zomwe zidachitika, koma zomwe nkhaniyo ikunena za moyo wa anthu. Pano tingatchule ulesi, chinyengo, kapena kuipa koderera munthu chifukwa cha maonekedwe ake. Ine ndimakonda yachitatuyi, chifukwa nyama zamphamvu zidalephera pomwe Kamba woyenda pang'onopang'ono adapambana. Nkhani imodzi ingakhale ndi mfundo zingapo, bola inu mupereke umboni wochokera m'nkhanimo.

Palinso wofotokoza nkhani. M'nthano ndi agogo aja amene amati "Panangokhala," ife n'kuyankha kuti "Tili tonse." Iwo ali kunja kwa nkhani ndipo amadziwa za mumtima mwa nyama iliyonse. Koma tayesani kulemba nthano yomweyi ngati akusimba ndi Kalulu mwini, kuyamba ndi mawu akuti "Ine ndidakana kukumba chifukwa..." Mudzaona kuti wakuba uja wayamba kumveka ngati ali ndi zifukwa zomveka, ndipo mfundo yaikulu nayo yayamba kusuntha.