Kabuleta mwaimanganso koma injini ikuzimabe? Musathamangire masikulu

Mwezi watha bambo wina wa ku Chinamwali anabwera kugalaja kwanga ndi Peugeot 504 imene anawasiyira malemu bambo awo. Kabuleta yake ya Solex anali ataimasula okha, kuitsuka ndi kuika magasiketi atsopano, ndipo ntchitoyo anaigwira mwaukhondo ndithu. Koma akangochotsa phazi pamoto, injini inkazima. "Achimwene, masikulu onse ndapotokola mpaka dzanja kuwawa," anandidandaulira.

Ndinawamvera chisoni chifukwa ambiri amayambira pomwepo. Ntchito ya kabuleta ndi kusakaniza mpweya ndi petulo basi, pafupifupi magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo tikatengera kulemera kwake. Moto wa mapulagi suchokera kwa iyo, mavavu satsegulidwa ndi iyo. Choncho ine sindikhudza sikulu ndisanayeze mpata wa mavavu, kuona mapointi mu distributor ndi kukonza timing, nthawi imene mapulagi amatulutsa moto. Timing ikachedwa, injini imafooka ndi kutentha, ndipo mwini wake amaloza chala kabuleta yosalakwa.

Zimenezo zikakhala bwino, funani pomwe mpweya ukulowa mozemba. Kabuleta zakalezi zamangidwa ndi kumasulidwa kambirimbiri, ena akumanga manati mopitirira muyeso, moti kunsi kwake kumapindika osakhalanso bwino pa manifold, paipi yolowetsa mpweya ndi petulo mu injini. Injini ikulira, poperani pang'ono mankhwala otsukira kabuleta mozungulira gasiketi yapansi komanso pamapaipi a labala. Kalilidwe kakasintha, mwapeza potayikira. Chitani izi panja, chozimitsira moto chili pafupi, chifukwa mankhwalawa sachedwa kuyaka. Pa 504 ija ndinangopopera kumanzere kwa gasiketi, injini n'kudzuka ngati wina waponda moto. Titachotsa kabuletayo n'kuika lula yachitsulo kunsi kwake, kuwala kunkadutsa pakati. Tinaipala pa sandipepa woyala pagalasi mpaka inawongoka.

Kenako float, kamene kamayandama m'kambale ka petulo n'kutseka kakadzadza. Kakakhala pamwamba kwambiri petulo amasefukira: fungo pansi pa boneti, utsi wakuda ku ekizosi, kuvuta kuliza injini ikatentha. Kakatsika kwambiri galimoto imamva ludzu pachitunda. Muyeso wake umasiyana, wa Solex si wa Aisan ya Toyota kapena Zenith ya Land Rover, ndiye yezani motsatira buku la galimoto yanu, osati ndi maso. Ngati ndi kamkuwa, kagwedezeni pafupi ndi khutu. Mukamva zamadzi zikukhuvuka mkati, kabooka, kasintheni.

Apa tsopano masikulu. Injini itenthe kaye, choki (yochepetsa mpweya poliza injini yozizira) itseguke yonse. Sikulu ya mixture, yosintha kasakanizidwe ka petulo ndi mpweya, ilowetseni mofatsa mpaka ingogunda, osaikakamiza, chifukwa nsonga yake ndi yosongoka ngati singano ndipo ikakandika siidzamveranso. Ibwezeni maulendo awiri, lizani injini, kenako muziitembenuza pang'onopang'ono uku mukumvetsera. Pali malo amene injini imalira mothamanga komanso mosalala kuposa pena paliponse. Isiyeni pamenepo, n'kutsitsa liwiro ndi sikulu ina, ya liwiro la injini, mpaka pafupifupi 800 rpm (maulendo amene injini imazungulira pa mphindi). Dziwani kuti sikulu ya mixture imalamulira pamene galimoto yaima kapena ikuyenda pang'ono. Ngati ikutsamwa mukaponda moto mwadzidzidzi, zimitsani injini, chotsani air cleaner, suzumirani kukhosi kwa kabuleta wina akuponda. Muyenera kuona petulo akuthovoka ngati wa mujakisoni. Akapanda kutuluka, vuto ndi accelerator pump, kampope kopopa petuloyo, kapena kajeti kake, kabowo kotulukira petulo, katsekeka. Majeti musamawatokose ndi waya, chonde. Bowo likakula ngakhale pang'ono, galimoto imamwa petulo mpaka kalekale. Apemerereni ndi mpweya wa kompuresa.

Kwathu kuno pali zina ziwiri zofunika kukumbukira. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, ndipo ethanol amakoka chinyontho komanso amaumitsa labala wachikale. Galimoto ikangokhala dzinja lonse osayenda, mumapeza madzi ndi zoyerayera pansi pa kambale. Palinso petulo wa m'zigubu amene timagula mafuta akasowa, zinyalala zake zimatseka jeti ya idle, yopereka petulo injini ikamalira galimoto itaima, tsiku limodzi. Fyuluta yatsopano ndi yotchipa kuposa kumasulanso kabuleta.

China ndi phiri lathuli. Tauni ya Zomba ili pa mamita pafupifupi 900, pomwe nsonga za phiri zimapitirira mamita 2,000. Kumwamba mpweya ndi wopepuka, choncho petulo amachuluka m'kasakanizidwe ndipo mphamvu imatsikako. Si matenda amenewo. Musaichepetsere petulo chifukwa cha ulendo umodzi wa ku Ku Chawe pamwamba pa phiripo, mungakaotche mavavu mukatsikira ku Liwonde kotentha kuja.

Komabe msewu wa Ku Chawe ndi umene ndimayesera galimoto, chifukwa pamakona ake okwera subisa kanthu. 504 ija tinakwera nayo mwini wake akuyendetsa, ndipo titafika pamwamba tinazimitsa n'kumasula mapulagi awiri akadali otentha. Akanakhala akuda ngati mwaye, petulo akanakhala wochuluka. Akanayera ngati choko, wochepa. Onse awiri anatuluka ofiirira ngati tiyi wothira mkaka, ndipo pobwerera injini sinazime ngakhale titaima pamsika kudikira anthu awoloke.