Kuwedza nsomba imene yasiya kudya: salmon, trout ndi steelhead chisanu chikamayandikira

Ku Scotland, ku Canada ndi kumpoto chakumadzulo kwa America, miyezi ya Sepitembala, Okutobala ndi Novembala ndi nthawi imene kutentha kumatha, masamba a mitengo amafiira n'kuyamba kuyoyoka, ndipo mvula imadzadzanso mitsinje imene inali itaphwera. Ndi nthawi yomweyi pamene nsomba zikuluzikulu zimene zakulira m'nyanja yamchere zimakwera mitsinje momwe zinabadwira kuti zikaikire mazira, ndipo anthu amaima m'madzi ozizira ofika m'chiuno kuziponyera kanyambo kopangidwa ndi nthenga ndi ubweya. Chimene chimadabwitsa munthu wozolowera kuwedza ndi nyongolotsi n'chakuti nsomba yotereyi, makamaka salmon, imakhala itasiya kudya, ndipo njira yonse yoiwedzera imachokera pa mfundo imeneyi.

Nsomba zake ndi zitatu. Salmon ya m'nyanja ya Atlantic imaswedwa m'miyala ing'onoing'ono ya kumtunda kwa mtsinje, imakhala m'menemo kawirikawiri zaka ziwiri kapena zitatu, kenako imatsikira kunyanja ndi kupita kutali, zina mpaka kufupi ndi Greenland, kumene imanenepa ndi tinsomba ndi tizilombo ta m'madzi. Ikakhwima imabwerera, ndipo ikafika kugombe imazindikira mtsinje wakwawo ndi fungo la madzi ake. Trout yopita kunyanja ndi m'bale wake wapafupi, koma yambiri siyenda ulendo wautali choncho, imadyera m'mphepete mwa gombe. Steelhead ndi ya ku nyanja ya Pacific, ndipo asayansi amaiika mu mtundu umodzi ndi rainbow trout, nsomba yomwe ija imene azungu anaika m'mitsinje yozizira ya paphiri la Zomba ndi m'madamu a ku Chelinda pa Nyika. Kusiyana kwake n'kwakuti ya ku Zomba imakhala m'madzi opanda mchere moyo wake wonse, pomwe steelhead imapita kunyanja n'kubwerako ili yoyera ngati siliva, ina yoposa makilogalamu 9.

Kwa anthu a ku Nkhotakota khalidwe lotereli si lachilendo, chifukwa mpasa nayo imachoka m'nyanja ya Malawi n'kukwera mitsinje monga Bua kukaswana pa miyala yoyera. Mpasa si m'bale wa salmon, koma mavuto ake ndi ofanana: matope akakwirira miyala, kapena maukonde akatchinga njira, mbadwo wonse umatayika.

Salmon ikalowa m'madzi opanda mchere, matumbo ake amafota, ndipo imakhala moyo ndi mafuta amene inasonkhanitsa kunyanja, nthawi zina kwa miyezi yambiri. Nanga imalumiranji nyambo? Odziwa za nsombayi amatchula zifukwa zingapo. China ndi chizolowezi chotsalira cha kunyanja, pamene chilichonse chodutsa pamphuno pake chinali chakudya. China ndi ukali, umene umakula nthawi yoswana ikamayandikira, makamaka kwa yaimuna imene imathamangitsa chilichonse chofika pamalo pake. Chinanso ndi chidwi chabe, popeza nsomba ilibe manja ndipo chinthu imachifufuza ndi pakamwa. Steelhead ndi trout zimalawako tizilombo kapena mazira a nsomba zina zili mumtsinje, komabe si njala imene yazibweretsa kumeneko. Choncho ntchito ya wowedza ndi kuputa nsombayo, kudutsitsa kanthu kamoyomoyo patsogolo pake pa liwiro ndi kuya koyenera mpaka itakwiya kapena kukopeka.

Nyambo ya nthenga ndi yopepuka kwambiri moti singaponyedwe payokha. Chimene chimalemera ndi chingwe, ndipo ndodo imaponya chingwecho, nyambo n'kumangotsatira kumapeto kwake pa ulusi woonda wosaoneka bwino m'madzi. Pa mitsinje ikuluikulu amagwiritsa ntchito ndodo yogwira ndi manja awiri, yotalika mamita 4 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kaponyedwe kake kanayambira pa mtsinje wa Spey ku Scotland m'zaka za m'ma 1800. Kumeneko madzi ndi othamanga ndipo kumbuyo kwa wowedza kumakhala mitengo kapena mtunda wokwera, choncho m'malo motambasulira chingwe kumbuyo mumlengalenga, amachikhazika pamadzi pambali pake, n'kuchipinda ndi ndodo kuti chipange uta waukulu, kenako n'kuchikankhira kutsogolo. Munthu amene anaphunzira bwino amafikitsa nyambo mamita 25 kapena 30 popanda kuvutika. A ku America anadzafupikitsa ndi kunenepetsa mutu wa chingwecho kuti uzinyamula nyambo zolemera ndi nsonga yomira, ndipo mtundu umenewu amautcha Skagit potengera dzina la mtsinje wa m'chigawo cha Washington, kumpoto chakumadzulo kwa dzikolo.

Kawedzedwe kake n'kosavuta kufotokoza, koma kamafuna kudziletsa. Wowedza amayambira kumutu kwa dziwe, amaponya modutsa mtsinje mopendekera kumunsi, kenako amatembenuza chingwe pamwamba pa madzi kuti asachikokere msanga. Madziwo ndi amene amayendetsa nyambo, kuisesa pang'onopang'ono kuchoka tsidya lina mpaka italendewera kumunsi kwa wowedzayo. Akatero amasuntha phazi limodzi kapena awiri n'kuponyanso, mpaka atatha dziwe lonse. Pa mitsinje imene anthu amawedza angapo, mwambo wake ndi wakuti wobwera pambuyo amayambira kumtunda kwa mnzake, ndipo kulowa kumunsi kwa munthu amene akutsika ndi dziwe ndi mwano waukulu.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa nthawi imene nsomba yaluma. Amene anakulira kuwedza nsomba zing'onozing'ono anazolowera kutsomphola ndodo akangomva kugwedeza, koma salmon imatenga nyambo pang'onopang'ono, n'kutembenuka kubwerera pamalo pake, ndipo ndi potembenukapo pamene mbedza imalowa m'mbali mwa kamwa. Ukafulumira umangoizula nyamboyo m'kamwa mwake. Ophunzitsa amanena kuti dikira mpaka umve kulemera kwa nsomba, ndipo pamenepo ungokweza ndodo mofatsa. Vuto lake n'lakuti munthu angathe kuponya masiku angapo osamva kanthu, ndipo kugwedeza kumodziko kukabwera dzanja limafuna kuchita zake.

Kuposa ndodo ndi nyambo, chimene chimalamula zonse ndi madzi. Mtsinje ukaphwera, nsomba zimaunjikana kumene umathira m'nyanja kapena m'maiwe akuya, ndipo zimaumitsa pakamwa. Mvula ikagwa madzi n'kuyamba kukwera, zimanyamuka ulendo ndipo sizilabadira nyambo kwenikweni. Nthawi yabwino ndi pamene madzi ayamba kutsika ndi kuyera, chifukwa nsomba zimene zangofika pamalo atsopano zimaima kuti zipume, kuseri kwa mwala, m'mbali mwa mzere umene madzi othamanga amakumana ndi odekha, kapena kumchira kwa dziwe pamwamba pa mathithi amene zangokwera kumene. Madzi oyenda pa liwiro la munthu woyenda pansi, akuya mita imodzi kapena awiri, ndi amene odziwa amayamba kufufuza.

Kuzizira kwa madzi ndi kumene kumasankha nyambo. Pali lamulo lakale lochokera ku zimene katswiri wowedza salmon Arthur Wood anaona pa mtsinje wa Dee ku Scotland m'zaka za m'ma 1920, lakuti madzi akapitirira madigiri 9 nsomba imakwera kudzatenga nyambo yaing'ono pafupi ndi pamwamba, koma akazizira kuposa pamenepo imakhala pansi ndipo nyambo iyenera kukhala yaikulu, yomira, yoyenda pang'onopang'ono. Lamuloli lili ndi zophonya zake, komabe limafotokoza bwino chifukwa chimene wowedza amayambira Sepitembala ndi chingwe choyandama n'kumaliza Novembala ndi chomira. Mitundu ya nyambo ilipo yambirimbiri, ndipo ku Scotland yotchuka m'nyengoyi ndi monga Willie Gunn, Cascade ndi Ally's Shrimp, yokhala ndi maonekedwe akuda, achikasu ndi ofiirira ngati lalanje. M'kuona kwanga, anthu amatha nthawi yochuluka akukangana za maonekedwewo, pomwe kukula kwa nyambo, kuya kwake ndi liwiro lake ndi zimene zimathandiza kugwira nsomba.

Mtsinje wa Tweed, kumalire a Scotland ndi England, ndi umene unatchuka kwambiri ndi salmon za kumapeto kwa chaka. Nyengo yowedza kumeneko imafika mpaka pa 30 Novembala, ndipo kuyambira pa 15 Sepitembala nyambo ya nthenga yokha ndi imene imaloledwa. Lamulungu sawedza salmon ku Scotland konse. Nsomba za mwezi wa Okutobala zinali ndi mbiri ya kukula, moti mu 1924 mayi Clementina Morison anagwira salmon yolemera pafupifupi makilogalamu 28 ndi nyambo ya nthenga pa mtsinje wa Deveron. Ku British Columbia, chigawo cha kumadzulo kwa Canada, anthu ochokera m'mayiko ambiri amasonkhana mu Sepitembala ndi Okutobala pa mitsinje yothira mu Skeena, monga Bulkley, Kispiox ndi Babine. Steelhead za kumeneko zimalowa mumtsinje kutatsala miyezi yambiri kuti ziswane, pakuti zimadikira mpaka chisanu chitatha, choncho zimakhala zidakali ndi mphamvu zonse, ndipo madzi asanazizire kwambiri zimatha kukwera kudzakhwatchula nyambo imene ikung'amba pamwamba penipeni pa madzi.

Trout yopita kunyanja ili ndi nkhani yosiyanako. Ku Wales, pa mitsinje monga Towy ndi Teifi, amaiwedza kwambiri usiku m'miyezi yotentha chifukwa ndi yamantha masana. Koma ku Denmark, m'magombe a chilumba cha Fyn, anthu amalowa m'nyanja momwemo chisanu chikamayandikira n'kumaponya nyambo zofanana ndi tinsomba kapena tinkhanu, ndipo kumeneko akufuna nsomba imene ikudya ndithu, ija imene sikupita kukaswana chaka chimenecho.

Apa ndi pamene wowedza wa nyengoyi ayenera kukhala ndi maso. Nsomba imene yangochoka kumene kunyanja imakhala yoyera, yonenepa, ndipo nthawi zina imakhala idakali ndi nsabwe za m'nyanja pathupi, zimene zimagwa pakapita masiku owerengeka m'madzi opanda mchere. Imene yakhalitsa mumtsinje imada kapena kufiira, yaimuna imamera ngowe pansagwada yam'munsi, ndipo yaikazi imakhala ndi mimba yofewa yodzadza ndi mazira. Nyama ya nsomba yotereyi ndi yosakoma, ndipo kuipha n'kutaya mazira masauzande angapo amene anatsala milungu yochepa kuti aikiridwe. Salmon za ku Pacific zimafa zonse zikaswana, koma steelhead, trout ndi zina mwa salmon za ku Atlantic zimatha kubwerera kunyanja n'kudzaswananso chaka china.

Chiwerengero cha nsombazi chatsika kwambiri. Mu Disembala 2023 bungwe loona zoteteza zachilengedwe padziko lonse la IUCN linalengeza kuti salmon ya ku Atlantic inachepa ndi 23 peresenti pakati pa 2006 ndi 2020, ndipo linaika ya ku Britain m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi yotha. Zifukwa zake ndi kutentha kwa madzi, madamu otchinga njira, kuipitsidwa kwa mitsinje, nsabwe zochokera m'makola owetera salmon m'nyanja, ndi kuchepa kwa nsomba zimene zimapulumuka paulendo wa kunyanja. N'chifukwa chake ku Wales kuyambira 2020 salmon iliyonse yogwidwa ndi mbedza iyenera kubwezedwa m'madzi, ku Scotland mitsinje imaikidwa m'magulu malinga ndi kuchuluka kwa nsomba zake, ndipo ku British Columbia steelhead yobadwira mumtsinje saloledwa kuipha. Kumene kuli nsomba zoswedwa m'malo owetera, monga pa mtsinje wa Deschutes ku Oregon, m'dziko la America, amazidula kachipsepse kakang'ono ka pafupi ndi mchira zidakali zazing'ono, kuti wowedza azitha kusiyanitsa yotenga ndi yobweza.

Kubweza nsomba kuli ndi luso lakenso, ndipo kukachitika mosasamala nsombayo imasambira bwinobwino n'kukafera kutsogolo. Mbedza izikhala imodzi yopanda ndevu (kamnga koletsa mbedza kuzuka), ulusi uzikhala wolimba kuti kulimbana kusatalike, ukonde wotengera uzikhala wofewa wopanda mfundo, ndipo manja azinyowetsedwa asanakhudze thupi lake. Nsombayo isakokeredwe pamchenga kapena kunyamulidwa ndi mchira, koma ikhale m'madzi, mutu utaloza kumene madzi akuchokera, mpaka itayamba kukankha yokha. Kumapeto kwa nyengo wowedza ayeneranso kuyang'ana pamene akuponda, chifukwa kadera ka miyala yoyera koonekera pakati pa miyala yakuda ndi ndere ndi chisa chimene yaikazi yakumba ndi mchira wake, ndipo mazira ali pansi pa miyalayo adzakhala pamenepo chisanu chonse asanaswe.