Kobiri loboola pakati lija mulibe golide

Pa Kamuzu Road kuno ku Salima pamveka zoti makobiri akale oboola pakati muli golide, ati azungu obwera ku Senga Bay akugula mamiliyoni. Si zoona.

Kobiri la njovu ziwirili ndi la nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, linatuluka mu 1955. Analipanga ndi mkuwa wosakaniza, n'chifukwa chake likakhalitsa limada, mwina kubiriwira m'mbali. Golide satero. Anapanganso ochuluka zedi, ndiye mtengo wake ndi wochepa.

Chimandiwawa n'kuona anthu akuwakwecha ndi mchenga kuti awale. Osonkhanitsa ndalama zakale amafuna losakwecha, chaka chikuwerengeka bwino. Ngati agogo anakusiyirani m'kachitini, lisungeni pouma, ndipo musalipire munthu wonena kuti akukaliyezetsa.