Pepala la malo si chilolezo chomanga

Ambiri amaganiza kuti ukakhala ndi lizi kapena kalata ya amfumu ungamange chilichonse, ndipo nyumba ikafoleredwa palibe angaigwetse. Si choncho. Pepala la malo limangosonyeza mwini wake. Chilolezo chomanga chimachokera ku khonsolo ikavomereza pulani yanu, malinga ndi lamulo la Physical Planning Act la 2016.

Mukamanga popanda chilolezo, khonsolo imakupatsani chikalata choti muimitse ntchito kapena mugwetse. Musachibise m'sutikesi. Onani masiku olembedwapo, kachiteni apilo molemba ku Physical Planning Council (bungwe la boma lomva madandaulo pa nkhani za mapulani ndi zomanga) masikuwo asanathe, ndipo mutha kupempha khoti liimitse kaye kugwetsako. Zimamvetsa chisoni kuti ambiri amangopitiriza kumanga usiku mpaka masikuwo kutha. Nyumba yomangidwa pamalo a msewu kapena m'mphepete mwa mtsinje ndiye yovuta kwambiri kuiteteza, ngakhale mutapeza loya.