Mjigo wa m'mudzi: ndalama zake zimachokera kuti, nanga ukafa aukonze ndani?

M'midzi yambiri mupeza mjigo utangoti njo, chogwirira chili lende, mbuzi zikugona pa simenti, amayi atabwerera kudambo ndi zigubu zawo. Mukafunsa, yankho ndi limodzi: "Tikudikira omwe anatikumbira." Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe amamveka kawirikawiri pamisonkhano ya chitukuko, ndipo ndawayankha monga momwe ndondomeko ya madzi akumidzi imayendera m'Malawi muno.

Mudzi wathu ulibe mjigo. Tiyambire pati?

Yambirani kwanu konko. Chikhazikitsireni lamulo la maboma ang'onoang'ono mu 1998, pempho la chitukuko limayenera kuchokera pansi. Mudzi ukambirane, nkhaniyo ipite ku komiti ya chitukuko ya kwa gulupu, ija timaitcha VDC. Kuchoka apo imakwera ku ADC, komiti ya dera la mfumu yaikulu, kenako kukhonsolo, komwe imalowa m'mapulani a boma lonselo. Khansala wanu ndi mlangizi wa zaumoyo adziwe za pempholo, ndipo kalata yake isungidwe. Muyeso womwe boma limatsata ndi wakuti mjigo umodzi uzitumikira anthu 250, ndipo munthu asayende mtunda woposa mamita 500 kukatunga. Choncho werengani mabanja, yezani mtunda wokafika komwe mumatunga lero, mulembe. Pempho lokhala ndi manambala limamveka msanga kuposa madandaulo a pakamwa.

Ndalama zokumbira amapereka ndani?

Zina ndi za khonsolo, zina ndi za thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, CDF, lomwe linayamba mu 2006. Mijigo yambiri imakumbidwanso ndi thandizo la mabungwe monga UNICEF, World Vision ndi WaterAid, komanso mipingo ndi mizikiti. Dziwani ichi: ndalama ya CDF ndi ya misonkho yathu, si ya m'thumba mwa munthu. Muli ndi ufulu wofunsa kuti kontirakitala ndani, walipidwa zingati, ndipo wakumba mamita angati.

Ngati ena alipira kale, ife tisonkherenji?

Apa ndiye pagona nkhani. Wokumba akapakira makina ake n'kupita, mjigowo ndi wa mudzi. Mchenga, miyala ndi njerwa zomangira pochapira ndi mpanda zimachokera kwa inu, ndipo kukonza zinthu zing'onozing'ono ndi udindo wanu kuyambira tsiku loyamba.

Pampu yomwe ili pa mijigo yambiri kuno, Afridev, inapangidwa dala kuti anthu a m'mudzi azitha kuimasula okha. Chiyambi chake ndi konkuno ku Malawi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ikutchedwa Maldev, isanakakonzedwenso ku Kenya. Zomwe zimatha msanga ndi timalabala ta pansi ndi mabushi a pulasitiki a pachogwirira, zinthu zokwana m'dzanja limodzi. Kwathu mjigo unakhala chilimwe chonse osatulutsa dontho chifukwa cha kalabala kamodzi kooneka ngati chibangili cha mwana. Tsiku lomwe anazula ndodo za m'kati mwa pampu n'kutionetsa kanthuko katang'ambika, agogo ena anangogwira pakamwa. Ana anali atatsekula m'mimba miyezi yonseyo kaamba ka madzi a pachitsime chosaphimba.

Tiyerekeze kuti mabanja alipo 50 ndipo lililonse likupereka K500 pamwezi. Imeneyo ndi K25,000 pamwezi, K300,000 pachaka. Mtengo mugwirizane nokha, koma muzisonkha mjigo uli bwinobwino. Kusonkha utafa kale n'kovuta: anthu amakhala akwiya, ndipo ngati ndi mu Januwale, m'nyumba zambiri mulibe ngakhale ya chigayo. Midzi ina imasonkha kamodzi pokolola, ena chimanga, ena mtedza, komiti n'kugulitsa. Nkhalamba ndi ana amasiye asathamangitsidwe pamjigo chifukwa chosowa ndalama. Mudzi ugwirizane zowakhululukira poyera.

Malo okumba amasankha ndani?

Mudzi umaloza malo angapo, akatswiri n'kupima komwe kuli madzi. Pasakhale chimbudzi, khola kapena dzala pa mtunda wosakwana mamita 30. Pasakhalenso pakhomo pa munthu, ngakhale akhale a mfumu, chifukwa mawa ena adzayamba kutunga mwamanyazi.

N'chifukwa chiyani amati m'komiti ya mjigo amayi achuluke?

Komiti imakhala ya anthu 10, ndipo amalimbikitsa kuti amayi asachepere theka. Chifukwa chake n'choonekeratu. Amene amapopa m'mamawa uliwonse ndi amene amayamba kumva kuti chogwirira chayamba kugwedera, kapena kuti lero wapopa kambirimbiri madzi asanabwere. Zizindikiro ziwirizi ndi zomwe zimauza kuti mabushi atha kapena labala wa pansi akudontha.

Komiti imaphunzitsidwa ndi alangizi a zamadzi a kukhonsolo: kumasula mutu wa pampu ndi sipanala, kuzula ndodo imodziimodzi n'kuziyala pamalo oyera, kusintha malabala, kulemba ndalama m'buku. Chomwe chimandipweteka ndi chakuti nthawi zambiri amayi amapatsidwa tsache ndi usungichuma, sipanala n'kupita kwa abambo. Abambowo akapita ku Johannesburg kapena kukagwira ntchito ku esiteti, luso lapita nawo. Mayi amene waphunzira kuzula ndodo sachoka pamudzi chisawawa, ndipo lusolo ndi ntchito: akalimbikira atha kukhala makaniko wa dera, woyendera mijigo ya midzi ingapo n'kumalipidwa. Pamene mukusankha opita kumaphunziro, kanani zoti amayi akangokhala ophika nsima ya ophunzirawo.

Ndalamazo tizisunga bwanji kuti zisadyedwe?

Buku likhale ndi mlembi, ndalama ndi msungichuma, ndipo mwezi ndi mwezi ziwerengedwe pagulu. Ena amaziika ku banki m'khonde kuti zizipindula, ena pafoni. Kwacha ikamagwa mphamvu chonchi, nzeru ndi kugula zipangizo zotha msanga n'kusunga, kusiyana n'kusunga mapepala.

Nanga mjigo wa pasukulu ndi wa yani?

Funso limeneli limayambanitsa anthu. Maphunziro a pulayimale aulere atayamba mu 1994, ana anasefukira m'masukulu, madzi ndi zimbudzi osakwanira, ndipo mpaka lero sukulu zambiri zakumidzi zimagawana mjigo ndi midzi yozungulira. Komiti ya sukulu, makolo ndi aphunzitsi akhale pansi ndi mafumu, alembe kuti akusonkha ndani komanso kuti nthawi ya buleki ana ndiwo ayambe. Gulu la amayi a pasukulu likhalepo pa zokambiranazo, chifukwa ndilo limadziwa kuti mtsikana amene ali kumwezi sabwera kusukulu kopanda madzi osamba m'manja ndi ochapira.

Ukawonongeka moti komiti yalephera?

Itanani makaniko wa dera, mumulipire kuchokera m'thumba lija. Mapaipi akagwera pansi, madzi akaphwa, kapena akayamba mchere kapena matope, nkhaniyo ipite kwa mlangizi wa zamadzi kukhonsolo, polemba, kudzera ku VDC. Podikira musamwe madzi a padambo osawateteza. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Pemphani klorini kwa mlangizi wa zaumoyo kapena wiritsani madziwo, ndipo chigubu chosungiramo chikhale chotseka, chokhala ndi kapu yakeyake yotungira.