Finland ndi dziko la anthu okhutira, koma siikugawa maviza

Pa WhatsApp pamayenda mauthenga oti popeza anthu a ku Finland ndi osangalala kuposa onse, boma lawo likugawa maviza ndi ntchito, bola ulipire kandalama kolembetsera. Limeneli ndi bodza, ndipo zimandipweteka kuona anthu akuberedwa nalo ndalama.

N'zoona kuti kuyambira 2018 Finland yakhala ikutsogola pa World Happiness Report, lipoti la chaka ndi chaka loyerekeza mmene anthu akukhutirira ndi moyo m'mayiko osiyanasiyana. Pa lipotili, ofufuza a bungwe la kafukufuku la Gallup amafunsa anthu pafupifupi 1,000 m'dziko lililonse kuti apatse moyo wawo malikisi, kuyambira 0 mpaka 10. Za maviza mulibemo. Lipoti la 2018 linapeza kuti osamukira kumayiko a anthu okhutira ngati Finland amakhutiradi, ngakhale mmene zinthu zilili kwawo zimawakhudzabe. Chilolezo chokhala ku Finland chimachokera ku ofesi ya boma ya Migri, osati kwa munthu wokuimbirani foni.